Mlendo Akatsikira ku Chigwa, Timuonetse Chiyani?

 Nkhani yathu ya mbiri yakale lero ikuchokera ku chigwa cha mtsinje wa Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Koma tiyambira kutali, ku dziko la India, pa chifukwa chimene muchione posachedwa.

Kumadzulo kwa India, m'chigawo cha Rajasthan, kuli chipululu chachikulu chotchedwa Thar. Pakati pa mchenga umenewo pali mzinda wa Jaisalmer, umene mfumu Rawal Jaisal inaukhazikitsa m'chaka cha 1156. Pamwamba pa kaphiri pali linga la miyala yachikasu, ndipo m'lingamo mukukhalabe mabanja mpaka lero. Mlendo akafika mumzindawu amalemba ganyu munthu wodziwa malo, namulondola, amene ali ndi chiphaso cha boma cha ntchito imeneyi. Awiriwo amapangana mtengo m'mawa, nauyamba ulendo wa tsiku limodzi. Amalowa pa zipata za linga, naona nyumba ya mafumu ndi akachisi a chipembedzo cha Jain ozokotedwa mwaluso. Amatsikira ku nyumba zosanja za amalonda akale, naima pa thamanda la Gadisar limene makolo a kumeneko anakonza kuti lizisunga madzi a mvula. Dzuwa likapendeka amapita ku milu ya mchenga kukakwera ngamila. Pofika madzulo mlendo uja amakhala atamva mbiri ya zaka zoposa 800 kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi.

Chimene chinalemeretsa Jaisalmer ndi njira. Amalonda oyenda ndi ngamila pakati pa India ndi maiko a kumadzulo kwake ankadzera pamenepo, namapereka msonkho kwa mafumu. Koma doko la Bombay litakula m'nthawi ya Angerezi, katundu anayamba kuyenda panyanja, ndipo malire a India ndi Pakistan a m'chaka cha 1947 anatseka kanjira kamene kanatsala. Mzindawo unatsala ndi miyala yake yokha. Lero miyalayo ndiyo ikudyetsa anthu, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaika lingalo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Chigwa cha Shire nachonso chinali njira. Kwa zaka zambiri aliyense wolowa m'dziko lino kuchokera ku nyanja yamchere ankadzera mumtsinje umenewu: wamalonda, mmishonale, msilikali, ngakhale wogula anthu. Njirayo inasamuka monga inasamukira ya ku Jaisalmer. Kusiyana kwake n'kwakuti makolo athu sanamange ndi miyala. Anamanga ndi mitengo, bango ndi udzu, m'dziko limene chiswe sichigona ndipo madzi amasefukira. Tsono funso lathu nali: mlendo atafika lero, napempha mmodzi wa inu ana a ku chigwa kuti amutsogolere tsiku limodzi, mungamuonetse chiyani, ndipo mungamuuze zotani?

Tiyerekeze kuti mwanyamuka ku Blantyre mbandakucha, pakuti kutentha kwa ku chigwa, makamaka mwezi wa Okutobala, sikufuna munthu wozengereza. Msewu umatsika mokhotakhota, ndipo pamalo pena chigwa chonse chimaonekera pansi panu ngati mphasa yoyala, mtsinje ukunyezimira pakati pake. Mukadutsa pa Thabwa ndi kuwoloka mlatho wa Kamuzu, mwafika. Namulondola wanzeru ayambe ndi dzina la madzi amene mwawolokawo. Eni dera amati Tchiri. Kalembedwe kakuti Shire kanadza ndi alendo, ndipo katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, polemba za moyo wa alimi a m'chigwachi, anasankha dala kubwezera dzina la eni ake.

Pafupi ndi boma la Chikwawa, pa gombe lokwera, ndi pamene panali mudzi wa Chibisa. Apa ndi pofunika kukhalitsa pang'ono. David Livingstone analowa mumtsinjewu koyamba mu Januwale 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert, kasitima kodya nkhuni zambiri koma koyenda pang'onopang'ono. Kunsi kwa mtsinje anthu a mfumu Tengani anamuimitsa ali ndi mauta ndi mivi m'manja, chifukwa mfumuyo sinkalola amalonda a ku Zambezi kupitirira dziko lake. Anamulola kudutsa atafotokoza kuti sanadzere kudzagula anthu. Anakwera mpaka pamene mathithi anamutsekera njira, nabwerera. Mu Malichi chaka chomwecho anadzanso, nalandiridwa bwino ndi Chibisa, ndipo anasiya sitima pa gombe la mudziwo. Iye ndi Dr John Kirk, pamodzi ndi Akololo amene ankawaperekeza, anauyamba wapansi kukafuna nyanja imene anamva mbiri yake.

Mvetserani zimene zinachitika. Alendowo anapempha munthu wina kuti awatsogolere ku nyanja yaikulu. Munthuyo anavomera, nawadutsitsa m'mapiri ovuta, koma pang'onopang'ono njira inayamba kukhotera kumwera. Mkololo wina, Masakasa, anapsa mtima poganiza kuti akuwapereka kwa adani, ndipo anafuna kumulasa ndi mkondo. Pambuyo pake zinadziwika kuti munthu uja analibe chiwembu chilichonse. Kwa iye nyanja yaikulu inali dambo lalikulu la mu Shire lija, limene alendo omwewo anali atalitcha kale Dambo la Njovu. M'chinenero chathu mawu akuti nyanja amanena madzi aakulu a mtundu uliwonse, ndipo iye ankawatengera kumene anamupempha. Wosamva chinenero anali mlendo, koma amene anatsala pang'ono kufa ndi mwini dziko. Chitachitika chimenechi anthu a m'midzi ankakana kuwatsogolera, kotero kuti Livingstone mwini wake analemba kuti kangapo konse amene anavomera kuwalozera njira anali anthu odwala misala.

Ku sukulu tinaloweza kuti Livingstone anatulukira nyanja ya Chilwa pa 18 Epulo 1859, ndi nyanja ya Malawi mu Sepitembala chaka chomwecho. Masiku ake ndi oona. Koma munthu satulukira malo amene wachita kulozeredwa ndi chala. Ntchito ya unamulondola m'chigwa muno ndi yakale kuposa zonse zimene tingaonetse mlendo lero. Kungoti amene anaigwira poyamba sanalembedwe maina.

Maina amene analembedwa ali pa manda. Mu Julayi 1861 sitima ya Pioneer inatsitsa pa Chibisa gulu la amishonale a UMCA lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Anakwera ku mapiri nakakhazikika ku Magomero, koma sanakhalitse. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pa kachilumba ka pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo otsalawo anatsikiranso kwa Chibisa. Kumeneko anakumana ndi chilala ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Mbusa Henry Scudamore anamwalira pa tsiku loyamba la chaka cha 1863, Dr John Dickinson namutsatira mu Malichi. Manda a awiriwa ali kufupi ndi boma la Chikwawa. Kumpoto, cha ku mathithi, pa tsinde la mlambe, pagona Richard Thornton, katswiri wa miyala, amene anamwalira pa 21 Epulo 1863 ali ndi zaka 25 zokha. Mnyamatayu Livingstone anali atamuchotsa ntchito mu 1859. Anapita kukayeza phiri la Kilimanjaro, nabwereranso, ndipo chimene chinamufoola ndi ulendo wapansi wopita ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zoti apulumutsire amishonale anjala aja.

Ndi bwino kuti mlendo aime pa manda amenewa, chipewa chili m'manja. Anali anthu olimba mtima. Koma namulondola akathera pamenepo ndiye kuti wanena kachigawo kochepa ka nkhani. M'miyezi yomweyo Amang'anja osawerengeka anafa m'chigwa chonse. Mvula inakana, ndipo kunsi kwa mtsinje achifwamba a Paul Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya, ankatentha midzi ndi kugwira anthu. Pamene Pioneer inkakweranso mtsinje kumayambiriro kwa 1863, mitembo yoyandama inkakodwa m'mapiko ake opalasira madzi. Anthu amenewo manda awo ndi mtsinje womwe mlendo akuujambulawo. Alibe mtanda kapena chikwangwani, ndipo ngati namulondola sawatchula, palibenso china chowatchula.

Kuchokera pa manda a Thornton, mathithi a Kapichira sali patali. Livingstone anatcha mathithi onse a chigawo chimenechi dzina la Murchison, mkulu wa bungwe la akatswiri a malo ku London, koma dzinalo linafota, la eni ake linatsala. Pamenepa ndi pamene maloto ake anathera. Anali atagula ndi ndalama zake sitima ina, Lady Nyassa, kuti aiphwasule, ainyamule kulambalala mathithi, akaiyandamitse pa nyanja ya Malawi. Anayamba kulambula msewu, koma mu Julayi 1863 inafika kalata ya boma la Britain yomuitana kuti abwerere. Chaka chotsatira anaiyendetsa yekha sitimayo kuwoloka nyanja yamchere kuchokera ku Zanzibar mpaka ku Bombay, doko lomwe lija linalanda Jaisalmer malonda ake. M'sitimamo munali anyamata awiri opulumutsidwa ku ukapolo m'dziko lino, Chuma ndi Wikatani, amene anawasiya pa sukulu mumzindawo.

Chimene chinamukanika Livingstone chinatheka mu 1875, ndipo chinatheka pa mitu ya anthu a m'chigwa. E. D. Young ndi Dr Robert Laws anafika ndi sitima ya Ilala, naiphwasula pansi pa mathithi. Amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulo zake masiku angapo m'njira za miyala, dzuwa likuswa mtengo, mpaka kumtunda kumene madzi ayambanso kuyenda mofatsa. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi. M'gulu lomwelo munali womasulira, Tom Bokwito, amene anapulumutsidwa ku ukapolo ali mwana mu 1861 nakaphunzira ku South Africa. Ndiye amene anayenda ndi Henry Henderson pofunafuna malo a mishoni ya mpingo wa ku Scotland, mpaka anasankha malo a m'dziko la mfumu Kapeni mu 1876. Inu okhala mu mzinda wa Blantyre, dziwani kuti malo a mzinda wanu anachita kulozedwa ndi namulondola.

Lero pa Kapichira pali makina opangira magetsi amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagumula khoma la damu lake, dziko lonse n'kukhala mumdima wa kuzimazima kwa miyezi yambiri. Mathithiwa ali m'mphepete mwa nkhalango ya Majete, imene bungwe la African Parks lakhala likuisamala kuyambira 2003. Ku Majete ndi ku Lengwe kuli kale achinyamata ophunzitsidwa bwino ntchito yotsogolera alendo. Amadziwa phazi la nyama iliyonse ndi kulira kwa mbalame iliyonse, ndipo ku Lengwe adzakuonetsani boo amene malowo amatchuka naye. Luso lilipo. Chimene chikuchedwa ndi kuti luso lomwelo lifike pa mbiri ya anthu.

Mbiri ya anthu ndi yovuta kuposa ya nyama, chifukwa eni ake ali moyo ndipo akumvetsera. Taonani nkhani ya Akololo. Amenewa anali anthu ochepa, osafika makumi awiri, amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kwa mfumu Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, m'dziko limene lero ndi Zambia. Ambiri mwa iwo sanali Akololo enieni koma a mitundu imene Akololo ankailamulira. Anadza ngati opalasa bwato ndi operekeza. Atatsalira pa Chibisa ali ndi mfuti, m'dziko losweka ndi njala, anasonkhanitsa othawa nkhondo, namanga malinga, nagawana mtsinje. Maina a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, amene lero ndi mafumu olemekezeka m'boma la Chikwawa, anachokera pamenepo. Kodi anali apulumutsi kapena olanda? Anateteza anthu awo kwa ogula akapolo, natseka madooko kuti nkhondo za Angoni zisawoloke mosavuta; zimenezi n'zoona. Analamulira ndi dzanja lolemera, naphwanya ufumu wa Amang'anja umene anaupeza, zimenezinso n'zoona. Namulondola amene anena mbali imodzi yokha pofuna kukondweretsa mudzi umene waimamo, wanamiza mlendo wake.

Ufumu umene unaphwanyidwawo ndi wa Lundu, ndipo apa ndi pamene mlendo wozolowera malinga a miyala angakhumudwe. Likulu la Lundu, Mbewe ya Mitengo, lili m'boma la Chikwawa lomweli, koma simudzapezako chipata chosema kapena nsanja. Komabe cha m'ma 1600 dzina la Lundu linkaopedwa kuchokera m'chigwa muno mpaka kufupi ndi gombe la nyanja yamchere ku Mozambique, kufikira pamene Muzura, mothandizidwa ndi Apwitikizi, anamugonjetsa mu 1622. Chuma cha dzikolo chinali m'manja mwa anthu wamba. Amang'anja ankalima thonje, naomba nsalu zolimba zotchedwa machila zimene zinkagulidwa m'chigwa chonse cha Zambezi. Ankasula makasu, ndipo amayi ankatcheza mchere kuchokera m'dothi. Nsalu imatha, khasu limachita dzimbiri, mchere umasungunuka. Chimene chinatsala ndi dzina, mzere wa mafumu, ndi ulemu umene unabwezeredwa pamene boma la Malawi, dziko litalandira ufulu, linakwezanso Lundu kukhala mfumu yaikulu. Wofuna kuona Mbewe ya Mitengo ayenera kuiona ndi makutu, atakhala pansi pamaso pa akuluakulu.

Pa Nchalo tidutsa msanga. Minda ya nzimbe imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndi dzina la Sucoma, lero Illovo, njooneka yokha. Kum'mawa kwake kwatambalala Dambo la Njovu, kumene Livingstone anawerenga njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi. Lero mulibe njovu ngakhale imodzi. Muli asodzi, mvuu, ng'ona ndi mbalame, ndipo mu 2017 dambolo linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse. Tipitirire pa Ngabu mpaka pa Bangula, pakuti kutsidya kwa mtsinje kuli malo amene afanana ndi Jaisalmer koposa ena onse: Chiromo.

Pa Chiromo Ruo amakumana ndi Shire, ndipo malire a dziko lino anabadwira pamenepo. M'dera limeneli mu 1884 mzungu wamalonda George Fenwick anawombera Chipatula, mmodzi wa mafumu a Akololo, pa mkangano wa malonda. Anthu a mfumuyo anamupha Fenwick, namiza sitima ya kampani ya Mandala. Patapita zaka zisanu Apwitikizi, motsogozedwa ndi Serpa Pinto, anakwera mtsinje ndi asilikali. John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, analengeza kuti dziko la Akololo lili m'manja mwa Mfumukazi. Mu Novembala 1889 ankhondo a Mlauli anathira nkhondo msasa wa Serpa Pinto atanyamula mbendera za Angerezi, ndipo ambiri anagwa ndi mfuti zachiwaya. Imfa zimenezo zinamveka mpaka ku London. Mu Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa chitetezo cha Angerezi, Ruo n'kukhala malire. Kuti omvera a ku Thyolo ndi ku Mulanje lero akuphunzira Chingerezi osati Chipwitikizi, mbali ina ya chifukwa chake ili pa gombe limeneli.

Zitatero Chiromo inakula kukhala khomo la dziko. Panali ofesi ya kasitomu, nyumba zosungiramo katundu, ndi sitima zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi. Amwenye anafikanso nthawi yomweyo: asilikali achi Sikh amene anadza mu 1891 m'nthawi ya Harry Johnston, ndi amalonda, ambiri a ku Gujarat, chigawo choyandikana ndi Rajasthan. Masitolo awo a nsalu, mikanda ndi mchere anayambira m'madooko a m'chigwa asanakwere ku Limbe ndi ku Zomba, ndipo anakhala m'midzi ya malonda mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma linawalamula kusamukira m'mizinda ikuluikulu.

Koma mtsinje umene unabala Chiromo ndiwo unaitaya. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a Shire anatsika, sitima n'kumatitimira mumchenga. Poyamba zinkafika kwa Katunga, kenaka zinkathera pa Chiromo, kenakanso pa Port Herald. N'chifukwa chake panamangidwa njanji, imene inalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908, nitalikitsidwa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915. Mlatho waukulu wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, katundu ankachoka ku Beira mpaka ku Limbe osakhudza madzi. Mu 1970 njanji ya ku Nacala inatsegula khomo lina kutali ndi chigwa, ndipo nkhondo ya ku Mozambique ya m'ma 1980 inadula njira ya ku Beira, n'kutumiza m'malo mwa katundu anthu othawa kwawo zikwizikwi. Pomaliza, mu 1997 madzi osefukira anakokolola mtumbira wa njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo. Malo ogumukawo anthu amawatcha Mtayamoyo, ndipo dzinalo likukuuzani za mabwato amene akhala akuwolotsa anthu pamenepo. Madzi anabweranso mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Chigumula chilichonse chimatenga khoma lina lakale, mtengo wina wodziwika, ndipo chimabalalitsa okalamba amene ankadziwa kuti pakutipakuti panali chakuti. Mudzi ukasamukira kumtunda, nkhani zake sizisamuka zonse.

Dzuwa likupendeka tsopano, ndipo tadutsa kwa Tengani, kumene Ma Robert inaimitsidwa, tafika pa boma la Nsanje. Dzina lakale lija la Port Herald linachokera ku sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Herald. Mlendo adzafuna kuona doko la simenti limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010 pofuna kudzutsa njira yakale ya pamadzi. Sitima zimene zinkayembekezeka sizinabwere. Kuno namulondola asinthe lilime, chifukwa ambiri ndi Asena, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Zambezi pothawa nkhanza za eni minda achipwitikizi, makamaka pa nthawi ya nkhondo ya ku Barue ya 1917. Koma chimene tadzera kuno si doko. Kufupi ndi bomali kuli kankhalango kowirira pakati pa dziko loyera, kotchedwa Khulubvi, kumene kuli kachisi wa M'bona.

Nkhani ya M'bona imakambidwa mosiyanasiyana, ndipo mudzi uliwonse umaumirira kuti yake ndiyo yoona. Mutu wake ndi uwu. Kunagwa chilala, ndipo wamkulu amene anali ndi udindo wovina mvula analephera. Mnyamata M'bona anavina, mvula n'kugwa. Nsanje inabuka, iye n'kuthawira kumwera, adani ali pambuyo. M'njira monse anasiya zizindikiro, monga pa thanthwe la Mwala Umodzi pamene amati anakhalapo. Anamupeza pa Ndione, koma zida zawo sizinamulowe mpaka iye mwini atawauza kanthu kofewa kakuthengo kamene kakanamupha. Magazi ake anayenda ngati mtsinje, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi. Wansembe wa Chikatolika wa ku Holland, bambo Matthew Schoffeleers, amene anagwira ntchito m'chigwa muno nadzaphunzitsa ku Chancellor College, anasonkhanitsa nthano zimenezi kwa zaka zambiri. M'buku lake la 1992, River of Blood, anafotokoza maganizo akuti nthanoyi ikusunga chikumbukiro cha nthawi ya m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu unkakula mwankhondo ndi kulanda kachisi amene analipo kale. Ngati anaona bwino, ndiye kuti anthu wamba anabisa dandaulo lawo pa mafumu m'kati mwa pemphero la mvula, nalisunga zaka 400 popanda cholembera.

Ndipo kachisiyu sanali wa mvula yokha. M'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkakakamiza alimi a m'chigwa kuunda mizere ndi kumanga m'ndende okana, pa mkangano umene anthu anautcha nkhondo ya mitumbira, mawu ochokera kwa M'bona anali kumbali ya alimi. Mu 2011 boma la Malawi linapereka dzina la Khulubvi ndi malo ena a M'bona ku UNESCO, pa mndandanda wa malo oyembekezera kulowa m'kaundula yemwe uja muli linga la Jaisalmer.

Koma pano mphamvu ya namulondola yathera. Ku Jaisalmer mlendo amagula tikiti nalowa. Ku Khulubvi kulibe tikiti. Nkhalangoyo ili ndi eni ake: mafumu ndi akuluakulu osunga mwambo, ndi Salima, mayi amene amakhala mkazi wa M'bona. Mumsitumo sadulamo mtengo kapena kutolamo nkhuni, n'chifukwa chake wawirira chotero pamene ponse pozungulira patha. Wololedwa kulowa amavula nsapato, navala nsalu yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Kachisi mwini wake ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu. Mlendo amene waona nyumba zosanja za ku Rajasthan angafunse kuti, kodi n'kameneka? Ayankhidwe kuti kanyumbako kamayenera kuola. Kakaola, mafumu a m'chigwa ayenera kumvana, aliyense n'kubweretsa gawo lake, kuti kamangidwenso. Ndipo pamene mafumu akhala akukangana, kanyumbako kakhala kakudikira zaka. Wodziwa kuwerenga udzu wa pa denga limenelo amadziwa ngati m'dziko muli mtendere.

Chimene namulondola angachite ndi kutsogolera mlendo wake kwa mfumu, kuwomba m'manja, kunena kumene achokera ndi chimene adzera, ndi kukhala pansi. Akuluakulu adzafunsana. Yankho likhoza kubwera madzulo omwewo, likhoza kubwera mawa, ndipo likhoza kukhala lakuti ayi. Galimoto imene inapanganidwa kuti ibwerere ku Blantyre tsiku lomwelo idzagona pa Nsanje.